Mbiri ya Bambo Kufakunesu Gwenhure, Otsegula Damu

Amene tikuwaperekeza lero ndi bambo Kufakunesu Gwenhure, a mfunda wa Shumba, kutanthauza mkango. Anabadwa m'chaka cha 1949 konkuno ku Gutu. Ine wowerenga ndine Mandizvidza Chikwati, sahwira wawo, mnzawo amene mwambo umamulola kunena pamaliro zimene abale akuopa kunena. Mumayembekeza kuti ndikuseketsani, koma lero mtima wanga suli m'malo.

Sukulu anaphunzira pamishoni mpaka Sitandade 6, kenaka anakagwira ntchito kufakitale ya nsapato ku Gweru. M'chaka cha 1975 anakwatira mayi Tsungirirai. Bambo awo atamwalira mu 1978, anasiya ntchitoyo n'kubwerera kumudzi chifukwa cha damu lathuli.

Mvula ikatha mu Epulo, namasupuni amakhala atakuta madzi. Tikapanda kumuzula chisanu chisanafike, amatseka paipi yopita kumadimba, ndiye kuti palibe repu, anyezi kapena tirigu mpaka mvula ina. Koma palibe amene amaponda m'madzimo munthu wa kwa Gwenhure asanayambe walowa, kuwomba m'manja ndi kuthira fodya popempha mizimu. Akatero ndi pamene enafe timatsatira ndi zingwe ndi mafoloko, kukokera udzuwo kumtunda, kuuyanika ndi kuutentha. Ntchito imeneyi malemuwa sanaphonyepo chaka. Ankalowa mpaka m'khosi, n'kutembenuka kundikalipira: “Chikwati, ukuopa misundu? Magazi akowo ndi mowa wokhawokha, ikakuluma igwa yokha ndi kuledzera.”

Anali mkulu wa mpingo wa Dutch. Abusa ena atsopano atawafunsa za fodya wa kudamu, iwo anayankha mwaulemu kuti, “Abusa, kabichi amene munadya dzulo uja amamwa madzi omwewa.” Nkhaniyo sinabwerenso.

Anayamba kudwala chifuwa mu Febuluwale, ndipo anagonekedwa kuchipatala cha mishoni. Tsopano tili mu Meyi. Namasupuni wachita maluwa, ndipo madzi a paipi akungotuluka pang'ono ngati a m'ketulo. Mbande zili kale m'nthaka, zina zayamba kufota. Ndili ndi mantha, abale anga, ndipo ndikudziwa kuti amayi a madimba amene mwakhala apa simukugona tulo.

Mwana wawo wamwamuna, Dzikamai, anakana kutsegula damu, chifukwa mpingo wake wa mikanjo yoyera suloleza kuwombera madzi m'manja. Sindikumunyoza, ndi chikhulupiriro chake. Koma pali mawu amene akuluakulu a banja anandipempha kuti ndisawanene pano, ndipo ine ndiwanena. Nditapita kukawaona kuchipatala, malemuwa anandigwira dzanja nati, “Alowe mwana wanga wamkazi Nyaradzai. Mwana ameneyu wandigwirira chingwe kuyambira ali wamng'ono, zonse amazidziwa. Ukawauze, usakachite mantha ngati pa misundu.” Ndinakawauza. Akuluakulu anati mkazi sanatsegulepo damu chiyambire, tidikire chaka chamawa tikadzabwezera mzimu wawo kunyumba, pamenepo ndiye tidzakambirane. Sindikudziwa kuti akuganiza kuti tidya chiyani podikirapo.

Bambo Gwenhure anatisiya Lolemba lapitali ali ndi zaka 76.

Asiya mkazi wawo, mayi Tsungirirai. Mng'ono wawo, bambo Zvavamwe. Mwana wamwamuna, Dzikamai. Adzukulu asanu ndi awiri. Ndi mwana wamkazi, Nyaradzai, amene waima apo pafupi ndi bokosi, diresi lake lakuda litanyowa mpaka pachifuwa. Mwakhala mukumuyang'ana chifikireni osafunsa. Walowa m'damu lero m'mawa, yekhayekha, ndi fodya wa bambo ake. Chimene akuluakulu amuchite sindikuchidziwa, ndipo ngati enanu mumutsatire sindikudziwanso. Ine mawa ndikakhala pambuyo pake ndi chingwe, ngakhale tikhale awiriwiri.

Shumba, apumule mu mtendere.