Chingerezi cha Kumsana

Pa siteji ya basi mayi wobereka mwana ankamumenyamenya kathako pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Bambo wina woyembekezanso basi analephera kuugwira mtima.

"Mayi, mwanayo walakwanji?"

"Sanalakwe, bambo. Mawa ndili ndi intavyu ya ntchito kuhotela. Mawu aatali a Chingerezi ndimawadula zidutswa, chidutswa chilichonse kambama kake. Tamverani: re-spon-si-BI-li-ty."

Mwana anadzidzimuka.

"Nanga pakatipo mwawonjezeranji mphamvu?"

"Pamenepo ndiye pokweza mawu. Akadzidzimuka, ndiye kuti ndakhoza."

"Ife kusukulu tinkaomba m'manja."

"Manja ake ati? Dzanja linali lanyamula matewera."

"Ndiye mawa mumusiyira ndani?"

"Kumusiya? Dzulo anali kwa mlamu wanga, mawu onse anandikakamira pakhosi. Tikalowa limodzi, bambo. Akandilemba ntchito, alemba tonse."