A Blasius Namaona ndi Timabotolo Tawo ta Mizu

Malemu a Blasius Namaona anabadwa pa 3 Febuluwale 1946 m'mudzi muno ku Utale. Mbiriyi yachokera pakamwa panga ine mayi wawo, Bernadetta. Sukulu ndinaidutsa panja, ndiye wolemba ndi wowerenga ndi wina, koma mawu ndi anga. Pakapezeka olakwika, owerengawa muwasiye, mubwere kwa ine. Ndiifupikitsa, pakuti adzukulu atumiza mawu kuti manda akumba, koma thupi salitsitsa pokhapokha timabotolo ta malemu tilowe nawo m'dzenje.

M'chaka cha 1954 malemu anayamba sukulu pa mishoni. Anali mwana wosasewera mpira. Ndikawatuma kokapalira mtedza ndinkawapeza atazula phata, akuyang'ana mizu ngati muli kalata. Ndinawakwapulapo kangapo, sindibisa. Mu 1966 anasankhidwa kupita kusukulu ya zaulimi, ndipo mu 1968 analembedwa ntchito yothandiza akatswiri ofufuza za nthaka. Mu 1970 anamanga ukwati woyera ndi mayi Clementina a kwa Nsamala, amene akhala pamphasa apowa.

Ntchito yawo, abale, inali yokumba. Ankayenda pa njinga kuchokera ku Balaka mpaka kumapiri a Machinga, kupempha eni minda, kuzula nandolo apa, khobwe apo, mtedza uko. Pa mizu ya mbewu zimenezi pamakhala timibulu. Aliyense muno anationapo, enafe tinkati ndi matenda. Malemu ankati iyayi, ndi timanyumba ta tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timatenga chakudya mumpweya n'kupatsa mbewu, chakudya chomwecho chimene timagula m'thumba la feteleza. Ankang'amba kambulu ndi chikhadabo. Mkati mukafiira ngati nyama, ndiye kuti eni ake akugwira ntchito. Mukayera, ndi alendo ongodya. Ine wogulitsa nyemba pamsika zimenezo ndinazimva msanga, poti alendo ongodya ndimawadziwa.

Ankatinso tizilomboti si mtundu umodzi. Ta nandolo wa kuno si tomwe tili kudambo, ndipo soya amasankha, ta m'dothi lathu tambiri sagwirizana nato. Tina timaphwanya manyowa kuti chimanga chidye. Tina, madzi akaima m'munda, timabweza chakudyacho kumwamba, mlimi n'kutsala manja lende. Iwo ankafuna kudziwa kuti mwa tonseti takhama ndi titi. Choncho kambulu kalikonse ankakaika m'kabotolo kake, pansi mchere wabuluu woumitsira, pamwamba thonje, kuti tizilombo tigone mpaka tikadzutsidwe kuntchito kwawo.

Apa ndi pamene panayambira mavuto. Munthu wotapa dothi m'munda mwa mnzake, n'kuika m'kabotolo ka thonje, kuno timamutcha dzina lina. Mu 1977 mvula inadula, nkhokwe zambiri zinangofika m'chiuno, koma munda wa malemu, umene ankasinthanitsa chimanga ndi nandolo, unachitako bwino. Anthu anayamba kunong'ona kuti akukawa, kuti zokolola za mudzi zikuthawira m'mabotolo. Akamadutsa, amayi ankaitana ana kuti alowe m'nyumba.

Mu Okutobala 1978, pa msonkhano wa alimi, wina anafunsa chochita munthu wopanda feteleza. Malemu anayankha kuti adzale nandolo, mizu imuthandiza. Basi, mawu ake ndi omwewo. Sananyoze feteleza, sananyoze munthu, sananyoze chitukuko. Khadi ya chipani anali nayo, ya chaka chilichonse, mpaka ya mwana wa m'mimba anagula. Ndikubwereza kuti akuluakulu amene mwakhala pamipando kutsogoloku mumve bwino: ife a banja lino tilibe mawu ndi wina aliyense, ndipo tikuthokoza chifukwa cha mtendere umene tili nawo.

Mwezi wotsatira kunabwera galimoto. Malemu anatengedwa kuti akayankhe mafunso. Kumene anapita sitinauzidwe, ife sitinafunse, ndipo lero sitikufunsa. Ntchito inathera pomwepo. Mayi Clementina akapita kumjigo, anzawo ankasiya ndowa n'kuima patali.

Anabwerera mu Julayi 1980. Miyendo inali yotupa, chifuwa chosatha, mano ena palibe. Za kumeneko sananenepo kanthu. Galimoto ikalira kumsewu ankasiya chakudya mpaka phokoso lizilale. Chinthu choyamba kufunsa chinali timabotolo tawo. Ndinali nditatikwirira mumtsuko pansi pa nkhokwe, osati chifukwa chotikonda iyayi. Ndinkaopa kutitaya, ndinkaopanso kutisunga. Mwana wako akakuuza kuti m'botolo muli zamoyo zogona, iwe wosaphunzira ugona bwanji?

Anayesa chipatala cha mishoni, anayesa cha boma, osathandizika. Mu Epulo chaka chino cha 1981 anagona osadzukanso pamphasa. Lolemba lapitali anandigwira dzanja n'kupempha chinthu chimodzi, kuti timabotolo tikafike kwa anzawo a kuntchito, chifukwa muli zaka khumi za kuyenda kwawo ndipo mwina muli kachilombo kodzathandiza minda yotopa ya kuno. Anatisiya Lachitatu, dzuwa likupendeka.

Tsono pali munthu amene ali ndi ngongole ya mawu kunyumba kuno. A Elliam, amene anaimira malemu pa ubatizo, ndi amene anabwera okha mu 1976 kudzapempha ufa wakuda wa tizilombo wopaka ku mbewu ya soya. Anapaka ndi manja awo, anakolola, anakhoma malata. Galimoto itabwera anatseka chitseko. Dzulo ndinapita ndekha kukawapempha kuti aimirire pano anene kuti timabotoloti si nsupa. Sindinapemphe mbuzi, sindinapemphe nsalu ya maliro, mawu okha. Ayankha kuti ali ndi ana, sangathe. Ndawamva. Inenso ndinali naye mwana. Mpando wawo ndi uwo uli wopanda munthuwo, ndipo sindidzapemphanso.

Adzukulu akuti timabotoloti tikatisiya kunja kwa manda, mudzi upitiriza kugona ndi njala. Koma ine ndikudziwa kuti tikatiika m'manda, ndiye kuti tavomera pamaso pa nonsenu kuti malemu anali mfiti. Mawa adzakwatira ana awo ndani? Adzagula nyemba za mayi Clementina ndani? Pamsika sindinagulitsepo chinthu pa mtengo wa wogula, sindiyambira pa mwana wanga.

Ndiye m'mawa muno ndinapita kumanda ndi kabotolo kamodzi. Ndinatsegula pamaso pa adzukulu, n'kuzula thonje. Ndinachotsa kambulu kouma, ndinatafuna, ndinameza. Kamakoma ngati dothi basi. Ndinawauza kuti ngati ndi mankhwala oipa, ayambe ndi ine, mukumbe dzenje lachiwiri. Tinapangana kuti adikire mpaka mbiri ino iwerengedwe yonse, ndipo ndikapezeka ndili moyo, thupi alitsitse popanda timabotolo. Sindinama, abale, pamene ndikuyankhula kuti alembe izi m'mimba mukutentha, ndipo sindikudziwa ngati ndi tizilombo tadzuka kapena ndi mantha chabe. Malemu sanandiuzepo ngati timadyedwa.

Za timabotolo tinato, musavutike kukafufuza pansi pa nkhokwe. Tachoka. Amene watinyamula sindikumudziwa, ndine wokalamba, maso anga saona bwino.

Malemu asiya mkazi wawo mayi Clementina, ana atatu, Scholastica, Lyford ndi Dorica, mlongo wawo mmodzi, ndi ine. Tikuthokoza bambo mfumu ndi akhristu a mphakati amene sanaope kulowa m'nyumba muno. Tikuthokoza amayi amene atunga madzi ndi kutola nkhuni. Tikuthokoza a Swaibu a kumzikiti, amene anatibwereka ngolo yotengera bokosi ku siteshoni ya Balaka. Bokosi lokha ndi limene ananyamula, pobwera ndi popita pomwe, wina asawafunse kanthu. Tikuthokoza akuluakulu onse amene mwabwera kudzamva zimene zinenedwe pano. Mwamva, palibe choipa chanenedwa.

A Blasius mwana wanga, dothi munkalinyamula m'thumba anthu n'kumakuthawani, lero likulandirani lonse. Kumeneko galimoto sizifika. Mzimu wanu uuse mumtendere wa Ambuye.

Mbiri yathera pamenepa. Owerenga, tayang'anani kumene ndakhala. Ngati ndagwa, chitani monga tinapanganira. Ngati ndikadali tsonga, adzukulu, nyamulani zingwe.