Buku la Mayeso Opitira Kunja

Pasiteji ya Kejetia ku Kumasi, minibasi inkadikira kudzaza. Oforiwaa anali atatsegula buku lake la mayeso pamene mayi wachikulire wovala nsalu yakuda anakhala pambali pake n'kusuzumira.

"Awa ndi mayeso opitira kunja aja, mwanangu?"

"Eya, Anti. Kukonza ziganizo za Chingerezi. Mawu ofotokoza dzinawa akundizunguza mutu."

"Malemu amuna anga ankaphunzitsa zomwezi. Ankati mawu ofotokoza munthu azikhala pafupi ndi mwini wake, akatalikira chiganizo chimasokonekera. Ana athu ankawakhazika pakhonde, cholembera chofiira chili m'manja, mpaka fufu wa mgonero kuzizira m'mbale."

"Ndiye anakhoza?"

"Onse. Ukaone mayina awo pachikwangwani cha maliro a bambo awo chimene tasindikiza. Boakye, dokotala, ku Canada. Akyaa, namwino, ku Mangalande. Anthu odutsa amaima n'kumasirira."

"Pepani, Anti. Munaika liti?"

"Sitinaike. Bambo ali mufiriji kumochale chiyambire nthawi ya mvula, kudikira kuti ana apeze tchuthi. Uyu akapeza, uyo sanapeze. Ndikupita komweko, anthu a kumeneko asamayese kuti alibe abale."

"Koma amaimba foni?"

"Amaimba. Bokosi anasankha pafoni pomwepo, lokongola kwabasi. Nanga iwe, mayi ako alipo?"

"Alipo. Amagulitsa nsomba zouma mumsikamu."

"Akudziwa chimene ukuwerengachi?"

"Ndiwo anandigulira bukuli, Anti."

"Inenso anga ndinkawagulira."