Tikiti Yotha Ntchito Isanaiyambe

Loweruka m'mawa a Nasoni Chikaonda, amene amasamalira maluwa kunyumba ina ku Area 12, anafika pa ofesi ya makochi ku Old Town atavala jekete yobwereka, ulendo wa ku Blantyre kuchinkhoswe cha mwana wawo Leticia. Pawindo panali Eveless, mtsikana woti kompyuta itamuuza kuti kunja kuli mvula akhoza kutambasula ambulera dzuwa likuswa mtengo.

"Bambo, tikiti iyi yatha ntchito," anatero Eveless akuibweza.

"Yatha ntchito? Inaiyamba liti?"

"Inali ya dzulo, 7 koloko."

"Mwananga, dzulo tikiti iyi inaswera m'Baibulo mwanga. Palibe ntchito imene yagwira. Taionani, ngakhale kukwinyika ayi."

"Komatu deti lake ndi la dzulo."

"Madamu akuntchito kwanga anandipatsa okha dzulo m'mamawa akutuluka pageti. Anati, a Nasoni musachedwe, basi yanu ndi ya mawa."

"Anati ya mawa kapena ya m'mawa?"

A Nasoni anayang'ana kudenga. Kunena zoona, nthawi imeneyo paipi ya madzi inali m'manja, galimoto ikulira, agalu awiri akuuwa, ndipo madamu amalankhula atatsitsa galasi theka lokha. Koma munthu wovala jekete savomera zinthu zotere pagulu.

"Zikusiyana pati?" anafunsa.

"Tsiku limodzi."

"Ndiye kachilembo kamodzi kandidyere ulendo wonse?"

"Lamulo likuti basi ikakusiyani, basi."

"Eya, basi. Ndi imene ndabwerera."

"Ayi, ndikuti basi, zatha."

"Zatha? Nanga iyo ikulira panjayo ndi ngolo?"

Eveless anapumira m'mwamba. "Imeneyo ndi ya lero. Yanu inapita."

"Inabwerako?"

"Inabwerako madzulo."

"Ndiyetu mpando wanga ulipo. Ine ndinkaopa kuti unatsala ku Blantyre."

"Mipando ilipo, bambo, iwiri. Gulani tikiti ina."

Apa mawu a a Nasoni anatsika momvetsa chisoni. "Ndigule ndi chiyani? Kangachepe kanga konse kali m'chikwamamu, mbale ndi nsalu za mwana. Leticia mayi ake anatisiya. Pofika 2 koloko aziyang'ana pakhomo, anthu akuchimuna atadzaza mabenchi, kwawo kulibe ndi mmodzi yemwe. Mukufuna azinena kuti bambo ake analephera chifukwa cha deti?"

"Pepani. Koma pano palibe malo olembapo zimenezo."

"Chabwino. Tandiuzani chinthu chimodzi. Mpando wangawo unayenda wopanda munthu mpaka ku Blantyre?"

Eveless anadinadina kompyuta, nasendeza nkhope pafupi. "Ayi. Pa 23 panakhala munthu."

"Ndani?"

"Inuyo."

"Ine?"

"Nasoni Chikaonda. Munakwera 6:52."

A Nasoni anatsitsa chikwama pansi mwaulemu, ngati muli mazira. "Ndinayenda bwino?"

"Munafika 11:40."

"Zikomo kwambiri. Sindinasanze m'njira?"

"Sizinalembedwe."

"Nanga ndinabwerako?"

Eveless anayang'ananso. "Ayi. Yobwerera simunagule."

"Ndiye panopa ndili kuti?"

"Ku Blantyre."

"Nanga waima pawindo panuyu ndani?"

"Zimenezo ine sindingadziwe, bambo. Ine ndimaona za m'kompyuta."

"Mwina kompyutayo yanama."

"Siinama." Anayankha mokwiya, ngati amutukwanira mayi ake.

"Aa, pepani. Ndiye wabodza ndine, ndi jekete yomwe." A Nasoni anatsamira pawindo, tsopano akumva kukoma. "Tandiitanireni abwana anu. Ndikufuna ndiwafunse kuti munthu amene dzulo 6:52 amathirira kapinga ku Area 12, madamu ndi alonda ali mboni, anakwera bwanji basi yanu. Amene anachonga dzina langalo ndimuone, ndimuthokoze."

Nkhaniyi aliyense wokwera makochi amaidziwa, kupatula mwina Eveless. Munthu akapanda kubwera, kondakitala wochenjera amachonga dzina kuti wakwera, kenaka basi ikangodutsa pa Biwi mpandowo amaugulitsa kwa wapanjira, ndalama n'kulowa m'sokosi. Eveless anatsitsa chala mpaka pamzere wa kondakitala wa dzulo, ndipo chalacho chinaima pomwepo. Panalembedwa Paxton, mnyamata amene ankhoswe ake anali atagwirizana kale ndi a kwawo kwa Eveless za ukwati wa awiriwa mwezi wamawa.

"Abwana ali pa foni," anatero motsitsa mawu.

"Ndidikira. Munthu amene ali kale ku Blantyre alibe changu."

"Mwina atenga nthawi."

"Ndi awo akubwerawo, a taye yofiirawo?"

Analidi iwo, makiyi m'manja, akuwoloka bwalo molunjika pawindo. Panja dalaivala analiza hutala kawiri. Eveless anayang'ana kompyuta, anayang'ana abwana, anayang'ana a Nasoni. Kenaka anatuluka m'kaofesi kake, zimene anzake akuti anali asanazionepo, nanyamula yekha chikwama cha mbale chija.

"Nanga tikiti yotha ntchito ija?" anafunsa a Nasoni akumutsatira.

"Isungeni m'Baibulo momwemo," ananong'ona Eveless akuwakankhira pakhomo la basi. "Kwerani msanga, bambo, abwana asanakuoneni. Inu simukuyenera kupezeka kuno, muli ku Blantyre chifikire dzulo."