Ba Mulamu Pa Benchi Yakutsogolo

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, makamaka inu a kwaya amene mpaka lero mumasendera ndikakhala pafupi nanu. Ndine Taonga, mtsikana wa giledi 11, ndipo umboni wanga ndi wakuti ndinatsala pang'ono kuchotsedwa sukulu ndi kutchedwa wa Satana chifukwa cha nthiti.

Mukudziwa mmene Kafue yathu ilili masiku ano. Chiyambireni mafakitale kuchotsa anthu ntchito, aliyense amayang'ana mnzake cham'mbali, ndipo ukagula nsapato zatsopano anthu amafufuza kuti kwanu wamwalira ndani. Ba Tate anali m'gulu loyamba kuchotsedwa. Chimene anabwera nacho kunyumba ndi ovolosi ndi dzanja lopanda zala ziwiri, zimene makina anadya ine ndisanabadwe. Tikudyera salaula, zovala zakaunjika zimene ba Mayi amagulitsa pamsika.

Tsiku lina mtsogoleri wa achinyamata, ba Kelvin, anatiphunzitsa kuti mwamuna aliyense ali ndi nthiti imodzi yosowa, kuchokera pamene Mulungu anagonetsa Adamu tulo. Anati n'chifukwa chake mtsikana asamayambitse korasi pamene pali anyamata, pakuti nthiti siitsogolera thupi. Ndinakweza dzanja n'kunena kuti ku bayoloje sitinaphunzire choncho. Anayankha kuti bayoloje ndi ya anthu amene agogo awo ndi anyani, ndipo onse anaseka. Inenso ndinaseka nawo, koma mumtima ndinali nditafika kale ku labu ya sukulu.

Mu labumo muli chifaniziro cha mafupa a munthu chimene timachitcha ba Mulamu. Lachisanu linali tsiku langa losesa, choncho ndinawatulutsira pawindo, n'kuwakweza pa wilibala pansi pa masaka a makala. Loweruka, tsiku lokumana achinyamata, ndinafika msanga kutchalitchi, anthu akuti mwana uyu wasintha. Ndinawakhazika pa benchi yakutsogolo atavala jekete ya m'belo la ba Mayi, mabatani ali otsegula, m'munsi chitenje. Pakhosi ndinawapachika katoni yolembedwa kuti: Ndine m'bale kapena mlongo? Werengani nthiti.

Palibe anawerenga. Atsikana anakuwa, anyamata anapanikizana pakhomo, ba Kelvin analumpha mabenchi akudzudzula m'malilime mpaka nsapato imodzi inatsala. Sindinganame pamaso pa Mulungu, ndinaseka mpaka m'mimba munapweteka.

Koma wina anaizindikira jekete ija. Dzuwa lisanalowe, komboni yonse inali itamva kuti mafupa aja ndi a munthu weniweni, ndipo ndiwo amachititsa kuti salaula wa ba Mayi aziyenda pamene ena akugona ndi njala. Aneba amene amabwereka mchere kwathu anaitana ana awo kuti achoke pabwalo pathu. Ba Mayi anakhuthula chikwama changa cha mabuku pansi, akundiyang'ana ngati mlendo. Ba Tate sanandimenye, ndipo chimenecho ndicho chinandiopsa. Anangoti sukulu ndi imene yandilowetsa zimenezi, ndiye Lolemba ndipita ku Chanyanya kwa azakhali kukayanika nsomba, mabuku atsale.

Apo kuseka kunatha. Ndinagwada kuseri kwa nyumba, koma sindinapemphe chikhululukiro, chifukwa Iye akanadziwa kuti ndikunama. Ndinangoti, Inu amene munapanga nthiti, nditumizireni munthu mmodzi yekha wosaopa kuwerenga.

Lamlungu mapemphero atatha, akulu ampingo anatiitana kuti andichotse chiwanda. Nditaona kuti ba Tembo alipo, ndinadziwa kuti zanga zada. Awa ndi mayi amene amakhazika anthu m'tchalitchi, kale anali nesi ku kiliniki ya fakitale, ndipo khutu langa lakumanzere limawadziwa bwino. Anapita kukachipinda kumene anatsekera ba Mulamu, n'kutuluka atawanyamula ngati mwana. Anthu anabwerera m'mbuyo. Iwo anagogoda chigaza ndi chala, chinalira ngati beseni.

"Ni pulasitiki iyi," anatero. "Ndani anabadwa na kachitsulo kopachikira pamutu?"

Kenako ananena kuti chichokereni ntchito amayenda m'makomo kusambitsa odwala amene aonda mpaka mafupa onse kuonekera, amuna ndi akazi omwe, ndipo sanapezepo mwamuna woperewera nthiti. Anagwira dzanja la ba Tate, limene iwo omwe analimanga tsiku la ngozi, n'kuliika pafupi ndi langa.

"Ba Phiri, imwe zala zinapita. Nanga uyu mwana wanu anabadwa na zingati?"

Ba Kelvin anaimirira. "Manje mukamba kuti Baibulo inanama?"

"Nikamba kuti Adamu pouka sanayambe kuzigwiragwira kuti aone chamene chasowa. Anakondwera kuti wapeza munzake wolingana naye. Imwe mwasunga fupa, nkhani mwataya."

Ine ndinkadikirabe msampha, chifukwa munthu amene wakutsina kuyambira uli wamng'ono sasanduka mngelo tsiku limodzi. Ndipo zoonadi, tili panja anandikoka khutu lomwe lija, n'kundiuza kuti popeza ndimakonda kuwerenga, ndikawerenge mitu iwiri yoyamba ya Genesis moyandikanitsa. Ndinapeza kuti mutu woyamba nyama zimabwera anthu asanalengedwe, koma wachiwiri mwamuna amayamba ndipo nyama zimatsatira. Nditawafunsa kuti woona ndi uti, anati amene analemba sanali akhungu, anaona zimenezo n'kusiya zonse ziwiri, chifukwa sankalemba lipoti la ku labu. Ankatiuza amene anatipanga ndi mmene tizikhalirana. Kunena zoona abale, ndinali ndisanawerengepo Baibulo mwachidwi chotero.

Si onse anakhutira. Ena asiya kupereka moni kwa ba Tembo, akuti unesi unawalowa kwambiri, ndipo makasitomala a ba Mayi akubwerera mmodzimmodzi, akununkhiza majekete. Koma titafika kunyumba tsiku limenelo ndinapeza ba Tate kuseri kwa chitseko, akudzipapasa m'nthiti ndi zala zawo zitatu zija, milomo ikuwerenga chapansipansi. Atandiona anatsitsa malaya msanga. "Uyang'ana chani iwe? Yenda ukawashe yunifomu."

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha kudzera m'dzanja lomwe limanditsina. Inu amene muli ndi funso limene mukuopa kuti likuchotsetsani mumpingo, musataye chikhulupiriro ndipo funsolo musalimeze. Amene anapanga mafupa saopa kuti muwawerenge. Ba Mulamu anabwerera ku labu pa wilibala yomweyo, ndipo a hedi anandilamula kukumba dzenje la zinyalala lofika m'khosi mwanga. Ndinalikumba ndikuimba korasi, ndipo ndinaiyambitsa ndine. Ameni.