Ankati ng'ombe ndizo zidzandiika m'manda

Moni abale ndi alongo anga mwa Ambuye, nonse amene mumawerenga patsamba lino. Ine ndine amake Tisa. Kuima kutsogolo m'tchalitchi sinditha chifukwa mawu amandithera pakhosi, ndiye ndati ndilembe. Ndikufuna ndikuuzeni za nthawi imene ndinakhala pakati pa anthu akwathu popanda wondiyankha moni, mpaka ntchito imene ndinabwerera kuno inatsala pang'ono kundithera.

Kwathu ndi ku Katete. Atate ake a Tisa anapita kumigodi kukafuna ntchito mwana asanayambe kukwawa, ndipo foni yawo inaleka kupezeka. Azakhali anga, amene amagulitsa tomato pamsika wa Chongwe, ndiwo anandimvera za ntchito pafamu ina ya ng'ombe za mkaka kufupi ndi Palabana. Ntchito yake inali yotsuka zigubu za mkaka ndi kukolopa mokamira, m'mamawa ndi masana. Anandichenjeza kuti miyezi yoyamba amakhala akukuyesa, ukajomba amalemba wina.

Vuto linali pokhala. Kwa azakhali kuboma kuli magetsi ndi mpopi, koma n'kutali, ndipo kukama kumayamba minibasi zisanayambe kuyenda. Choncho tinazungulira nawo kufunsa zipinda pafupi ndi famu. Choyamba tinachipeza kutsidya kwa kamtsinje ka kuseri kwa famuyo, pamudzi pa banja lina lachisoli, mbadwa za kuno. Chinali cha njerwa zosawotcha ndi malata akale, pabwalo pali mitengo ya mango ndi khola la mbuzi. Bambo wa pamudzipo anatilandira bwino, koma azakhali ankangondikoka chitenje. Titatuluka anati, "Iwe na manyazi ako uzakamba nao bwanji aba? Chisoli chao suchidziwa, mwambo wao suudziwa. Mwana akadwala uzagogoda pa ndani?"

Chachiwiri chinali pamdadada wa zipinda za simenti pafupi ndi msewu, pamene pafupifupi onse anali akwathu akummawa. Mwini wake anali mayi wonenepa wosekaseka, amake Josi. Atamva kuti ndine wa ku Katete anandigwira dzanja. "Apa wafika pamudzi, mwana wanga. Kamwana uzikasiya na ise. Mwana ni wa tonse." Ndinayang'ana denga, chitseko ndi chimbudzi, ndinaona chitsime kuseri chili ndi chingwe ndi ndowa ya onse. Koma chimene chinandigwira mtima n'kumva azimayi akuseka ngati akwathu. Ndinalowa tsiku lomwelo.

Masiku oyamba zonse zinali bwino. Ndinkasiya Tisa kwa amake Josi akali ndi tulo, pobwera n'kumupeza atasamba. Kenako pamdadada panagwa maliro. Bambo wa chipinda chakumapeto, amene ankagulitsa makala panjinga, anagundidwa ndi galimoto pamsewu wa ku Lusaka. Anasiya mkazi, amake Luka, mayi wamtali wosakonda kulankhula. Iwo anali mbadwa ya kuno koma anakwatiwa ndi wakummawa, ndipo azimayi akamawanena ankangoti "Msoli uja".

Inu mukudziwa mmene timachitira. Maliro akagwa pakhomo palibe wopita kumunda kapena kumsika, azimayi amatunga madzi, amaphika, amakhala ndi wofedwa mpaka kuika. Ndinapita kwa akapitawo kukapempha. Anandifunsa ngati womwalirayo anali m'bale wanga. Nditati ayi, anati, "Ng'ombe sizidziwa maliro. Mkaka ukangena mu chigubu chosatsuka uwola wonse. Mailo nikuone pano." Mawa lake ndinapitadi kuntchito. Ndikaweruka ndinkapita kunyumba ya maliro n'kukhala kumbuyo pafupi ndi khomo, koma sindinauze munthu aliyense za akapitawo. Ndinkaganiza kuti akuona okha.

Tsiku loika, nthawi yonyamuka kupita kumanda inakumana ndi nthawi ya kukama kwa masana. Njira ya kufamu ndi imodzi, imadutsa pomwe panaima lole yonyamula maliro. Ndinasiya Tisa kwa azimayi otsala kuphika, n'kudutsa nditavala ovololo ndi magambutsi oyera a kuntchito, bokosi akulikweza. Ndinayang'ana pansi, koma ndinamva nyimbo ikuzilala ndipo ndinadziwa kuti maso onse ali pa ine.

Pobwera madzulo ndinapeza Tisa ali yekha pakhomo panga, ali mbuu ndi fumbi, mawu atasasa ndi kulira. Amake Josi anaima pakati pabwalo manja m'chiuno. "Madamu Gambutsi afika! Ise tilila, imwe muyenda ku ofesi. Kamwana mwatisiyila kadye chakudya cha maliro, imwe mufuna ndalama. Tsiku muzafa, ng'ombe zanu ndiye zizakuikani!" Azimayi onse anaseka. Ndinangonyamula mwana n'kutseka chitseko.

Kuyambira pamenepo moni wanga unkagwera pansi. Chingwe ndi ndowa ya pachitsime ankazilowetsa m'nyumba akangondiona ndi chigubu, mpaka ndinayamba kutunga kumtsinje. Madzi otsukira mbale ankawataya pakhomo panga. Ndikamadutsa, wina ankalira ngati ng'ombe kuseri kwa mpanda, enawo n'kufa ndi phwete. Tisa akathamangira anzake, amayi awo ankawaitana kuti alowe m'nyumba, iye n'kutsala ataima pabwalo atagwira kachitini kake. Ngakhale kutchalitchi, azimayi a pamdadada ankasuntha pabenchi ndikakhala. Amake Josi anandiuza kuti mwezi ukatha ndituluke, ndipo mwana asamuonenso pakhomo pawo.

Ndinayamba kupita ndi Tisa kuntchito mobisa. Ndinkamuyalira chitenje pansi pa mtengo kuseri kwa waya, n'kumathamanga kukamusuzumira ndikatha chigubu chimodzi. Tsiku lina masana anadzuka ndisanafike, n'kukwawira pansi pa waya pamene ng'ombe zinkalowa mokamira. Akapitawo ndiwo anamutsomphola pafupi ndi ziboda. Anabwera naye atakwiya kwambiri. "Mwana akapondewa pano azayankha ni ndani? Pa Mande ukabwela naye, osangena pa geti."

Abale anga, apo ndinafika pothera. Kumudzi amayi anga ndi odwala, sakanatha kusunga mwana woyamwa. Azakhali amakhala pamsika tsiku lonse. Loweruka nditaweruka ndinayenda khomo ndi khomo kufunsa chipinda pamene pangakhalenso mayi wosunga mwana, koma mbiri inali itanditsogolera kale. Ena ankandiyang'ana kumapazi n'kufunsa kuti, "Ndimwe aja a maliro?" Kenako ankati chipinda chatengedwa. Kutsidya kwa mtsinje sindinapiteko, manyazi anandigwira chifukwa ndinali nditakanako.

Lamlungu nditatha ntchito ya m'mamawa sindinapite kutchalitchi. Ndinatenga zovala za mwana n'kupita kumtsinje, ndipo pamwala wochapira ndinalira mmene sindinalirepo chibwerere. Pemphero langa silinali lalitali. Ndinati, "Ambuye, mundidziwa, ine kukamba na anthu sinikwanitsa. Kambani ndimwe."

Ndisanapukute misozi ndinamva mapazi. Anali amake Luka, atavala zakuda, ndowa ili m'manja. Pa anthu onse, iwo ndiwo ndinkawaopa kwambiri, chifukwa maliro amene ankandinenera anali a amuna awo. Panalinso china. Pamdadada ankati mayi wamasiye amene sanamusambitse mwamwambo amayenda ndi chiwanda cha malemu, ndipo mwana amene angamunyamule amatupa kapena kutsokomola. Inenso ndinakula ndikumva zomwezo. Palibe ankadya za mumphika mwawo, palibe ankalola mwana kufika pakhomo pawo.

Tisa zimenezi sankazidziwa. Anayenda dzandidzandi mpaka kukagwira chitenje chawo. Amake Luka anakweza manja m'mwamba n'kundiyang'ana.

"Osayopa amake Tisa, sinizamugwila. Nidziwa vamene bakamba."

Ndinagwada, n'kunena mawu amene anandikanika masiku onse aja. Ndinapepesa maliro, ndinafotokoza za akapitawo ndi za Mande. Anamvetsera mpaka ndinatha.

"Bakuvutitsani mu dzina langa, koma ine sibananifunse," anatero. "Ninali kukuonani mukhala pa khomo madzulo. Aja bamene banaimba kwambili, kuchokela pamene banachotsa tenti ya maliro palibe wagogoda pa chitseko changa."

Anandiuza kuti achibale a amuna awo anatenga njinga ndi bedi, ndipo mwana wawo Luka anapita naye kwawo. Iwo anali kubwerera kwa alongo awo kutsidya, pamudzi pa mango paja. Manyazi anandigwira, chifukwa anali bambo omwe aja amene anatilandira bwino ine n'kuwakana.

"Chipinda chija chikalipo," anatero. "Manja anga alibe chochita. Ngati simuyopa, mwana nizamusunga. Ngati muyopa, sinizakalipa."

Sindinama, ndinaopa. Ndinaganiza za mwana wanga mmodzi yekhayo atatupa miyendo, anthu akuti tinamuuza. Ndinadziwanso zimene azakhali akanena, ndipo ananenadi madzulo ake pafoni, kuti ndapenga ndipo ndikufuna kupha mwana. Koma ndinakumbukira kuti amene ankati ndi oyera ndiwo anamusiya Tisa pafumbi akulira, ndiponso kuti ndinali nditangopempha Mulungu kuti alankhule. Ndikanati akhale chete chifukwa walankhulira mwa mayi wovala zakuda? Ndinanyamula Tisa n'kumuika m'manja mwawo. Amake Luka anamukumbatira, n'kukhala pansi pamchenga, n'kulira mokweza. Ndi pamene ndinadziwa kuti chiikireni maliro palibe munthu amene anawakhudza.

Madzulo omwewo alongo awo anabwera ndi wilibala kudzatenga katundu wathu tonse awiri. Amake Josi anatenga tsache n'kumasesa pambuyo pathu. "Mwapezana," anakuwa. "Wosayenda maliro na wa chiwanda. Kamwana kako tizakamvela!" Sitinacheuke.

Pa Mande ndinalowa pageti ndili ndekha, akapitawo anandiyang'ana kumsana n'kundilozera zigubu. Masiku oyamba ndikaweruka ndinkafikira kugwira miyendo ya Tisa ndi kumvetsera chifuwa chake. Mwana sanatupe, sanatsokomole, anangonenepa ndi mkaka wa mbuzi ndi mbatata. Miyezi yoyesedwa inatha ndipo anandilemba ntchito yokhazikika. Lero Tisa amalankhula Chisoli kuposa ine, ndipo akagwa amathamangira kwa amake Luka ine ndili pomwepo.

Mvula itayamba, kutsidyako kunagwanso maliro a mkulu wina woyandikana nafe. Nditamva kulira ndinati zija zayambanso. Amake Luka anandigwira dzanja n'kupita nane pakati pa azimayi, n'kuwauza poyera kuti ine ndimatsuka zigubu kufamu ndipo sandilola kujomba. Kenako anatembenukira kwa ine. "Yendani ku nchito. Pa maliro nizakukhalilani. Mukabwela, madzi ni anu." Nditaweruka ndinatunga madzi mpaka madiramu onse anadzaza, ndipo mayi wina anandisunthira pamphasa kuti ndikhale pakati.

Sindikunena kuti akwathu ndi oipa, ayi. Mwambo wa maliro ndi wabwino, ndipo ndikanakhala ndi wondilankhulira mwina zikanayenda mwina. Amake Josi mpaka lero sandiyankha tikakumana pachigayo, koma ine moni ndimapereka, ndipo ndimawapempherera.

Inu amene mwapeza ntchito kutali ndi kwanu, denga ndi chitseko yang'anani ndithu, koma musathere pamenepo ngati mmene ndinachitira ine. Auzeni anthu mmene ntchito yanu imayendera musanalowetse katundu, muone nkhope zawo. Ndipo inu amene lero mukukhala pamalo pamene moni wanu sayankhidwa, musaleke kupemphera, ngakhale pemphero lanu likhale lalifupi ngati langa lija.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva munthu wosatha kulankhula. Ndikuthokozanso amake Luka, amene tsopano ndimawaitana kuti akulu anga. Tsiku langa likadzafika, ndikudziwa amene adzandikhalire, ndipo si ng'ombe. Ambuye akusungeni nonse. Ameni.