Diresi Anawotcha Ndi Wofotokoza Nkhani

Aphunzitsi ena opuma ntchito analowa m'kaofesi kotayipira makalata envulopu yotumizira nkhani yawo ili m'khwapa, poti mpikisano wa nkhani zopeka unkatsekedwa madzulo a tsiku lomwelo. Nkhani yawo anali ataisiya dzulo lake kwa alamu awo, mlongo wa akazi awo, kalaliki amene anatayipa milandu kukhoti zaka makumi awiri, munthu yekhayo wotha kuwerenga zolemba zawo zonga mopalasa nkhuku.

"Mwamaliza, alamu?"

"Ndamaliza. Ndakonzanso."

"Mwakonza chiyani?"

Akalaliki anatsitsira magalasi pamphuno, n'kunyambita chala.

"Munasokoneza masiku. Tsamba loyamba munthu ndi nkhalamba, lachitatu ndi mnyamata akufunsira mbeta. Ndazisanja bwinobwino, zoyamba patsogolo, zomaliza pambuyo."

"Mayo ine! Kumeneko ndiye kubwerera m'mbuyo! Ndi luso limenelo. Munthuyo akukumbukira."

"Akakumbukire kunyumba. Papepala azibwera atakumbukira kale."

"Alamu!"

"Apanso munalemba kuti simbi inaseka. Ndafufuta."

"Umunthu umenewo! Timatenga chinthu chopanda moyo n'kuchipatsa khalidwe la munthu."

"Ine ndasita malaya zaka makumi anayi, simbi sinandisekepo. Pali mboni?"

Aphunzitsi anakhala pampando osauzidwa. Anaphunzitsa ana ouma mitu ambirimbiri pamoyo wawo, koma palibe amene anali ndi imvi chonchi.

"Nanga misozi ija? Ndinalemba kuti mkaziyo analira misozi yodzaza ndowa zitatu."

"Ndangoti analira. Ndowazo munayeza ndinu?"

"Ndi kukokomeza, bambo inu! Kukulitsa chinthu kuti owerenga amve ululu wake."

"Kukhoti kukokomeza tinkakutchula kuti bodza, ndipo munthu ankalowa nako m'ndende."

"Pano si kukhoti!"

"N'chifukwa chake mudakali panja."

Aphunzitsi anayang'ana wotchi yapakhoma. Anauza akalaliki kuti abweze zonse mmene zinalili, liwu ndi liwu, msangamsanga. Akalaliki sanakhudze kompyuta. Anasolola pepala limodzi pakati pa enawo n'kuliyala patebulo mwaulemu.

"Koma tsamba lachisanu ili ndiye sindinakonzepo kanthu. Mulibe bodza ngakhale limodzi."

Anatsokomola, n'kuwerenga ndi mawu awo akukhoti aja.

"'Ndinafuna kumudabwitsa pa tsiku lokumbukira ukwati wathu. Ndinatulutsa diresi lake laukwati m'sutikesi, ndinayamba kulisita, kenako ndinathamangira pawailesi kukamva chigoli. Pobwera ndinapeza pachifuwa pa diresi pali chibowo choti mutu wa munthu n'kulowa. Ndinalikulunga m'nyuzipepala, n'kukaliponya m'dzenje la zinyalala.'"

Tisabise mawu, diresilo analiwotchadi aphunzitsi, zaka khumi ndi chimodzi zapitazo. Akazi awo atalisowa anakumbukira kuti sabata imeneyo kunabwera akazi a akalaliki kudzacheza, basi anati wakuba ndi iwowo, mlandu n'kuthera pomwepo. Chiyambire tsikulo azimayi awiriwo sanapatsanenso moni, ngakhale pamaliro. Tsopano aphunzitsi anachita mantha enieni, thukuta mpaka m'masokosi.

"Ha, ha! Mwaikonda eti? Ndi yopeka imeneyo."

"Mwalemba kuti 'ndinatulutsa.' Anatulutsa ndani?"

"Wofotokoza nkhani."

"Amakhala kuti?"

"Sakhala kulikonse! Ndi munthu wom'panga m'mutu. Wolemba ndi wina, wofotokoza nkhani ndi wina. Ngakhale mwana wa sekondale amadziwa zimenezi."

"Oo. Ndiye mkuluyu, amene sakhala kulikonse, ali ndi nyumba ya chitseko chobiriwira?"

"Amenewo ndi malo ochitikira nkhani. Nkhani iliyonse imayenera kukhala ndi malo ndi nthawi."

"Chitseko chake chosatsekeka pokhapokha uchikankhe ndi bondo?"

"Zitseko zotero zilipo zambiri!"

"Mkazi wake ali ndi kachipsera pachibwano, kamene anakapeza atagwa pa njinga ali mwana. Njingayo ndinkapalasa ndine, alamu."

"Ameneyo ndi mpangankhani! Wolemba amabwereka mphuno apa, chibwano apo, n'kuumba munthu watsopano."

"Inu mwabwereka mlongo wanga yense wathunthu. Mwangosiya dzina."

Aphunzitsi anaimirira, n'kuyamba kuyenda uku ndi uku ngati ali kutsogolo kwa kalasi, koma kaofesiko kanali ka mapazi atatu basi.

"Tamverani. Ndikalemba kuti 'ndinapha mkango,' ndiye kuti ndapha mkango?"

"Ayi. Inu mumathawa nkhuku yofungatira."

"Ehe! Ndiye mwamva!"

"Ndamva kuti za mkango ndi bodza. Za diresi ndi zoona."

"Zonse ndi zopeka!"

"Nanga mlamu wa wofotokoza nkhaniyu, amene mwati ali ndi mutu ngati chidindo, ndi ndani?"

"Chifanifani chabe chimenecho. Kufanizira chinthu ndi chinzake."

"Ndachisiya. Ndadziyang'ana pagalasi, sichinaname kwenikweni."

Apa aphunzitsi anaona kuti akagonja pang'ono pokha, zaka khumi ndi chimodzi ziwagwera pamutu. Ndiye anauma gwa. Anamenya tebulo, mapepala n'kudumpha.

"Alamu, ndikulumbira pali ana anga! Kuyambira liwu loyamba mpaka lomaliza, mulibe choona m'menemo. Diresi ndi lopeka, simbi ndi yopeka, chitseko ndi chopeka, mkazi ndi wopeka!"

"Mpaka liwu lomaliza?"

"Mpaka kadontho komaliza!"

"Ndi tsamba lomaliza lija, pamene akuti, 'Ndakhala naye zaka makumi atatu osamuuza kuti popanda iye ndine chabe, ndipo ndinabisa za diresi poopa kuona nkhope yake ikundikhumudwira'?"

"Pamenepo ndiye pampondachimera pa nkhani, pofika pachimake. Luso lokhalokha! Mawu otero ndimangowapeka ndikumwa tiyi."

Akalaliki anavula magalasi, anawapukuta ndi tayi, n'kupumira m'mwamba.

"Chabwino. Mwandigonjetsa, aphunzitsi. Sukulu ndi yabwino. Ndibweza zonse, ndi simbi yomwe iseke."

"Mwaona? Nkhani yake inali yomweyo."

"Ndingoyamba ndaimba foni kaye."

"Kwa ndani?"

"Kwa achemwali. Tsamba lomalizalo munaliiwala patebulo kunyumba, ndiye analibweretsa okha m'mawa uno. Anakhala pampando womwewo, n'kuwerenga nkhani yonse."

Aphunzitsi anakhalanso pampando.

"Yonse?"

"Kawiri. Pa tsamba lachisanu anatukwana. Pa lomaliza analira, koma ndowa sindinayeze. Anati, 'Chitsiru changa ichi, zaka zonsezi chimandikonda chonchi osanena?' Atatero ananyamuka ulendo wa kwathu kukapepesa kwa akazi anga. Ali komweko mpaka pano, akuti akuseka ngati atsikana."

"Anandikhululukira?"

"Anakhululukira wofotokoza nkhani. Tsono poti mwalumbira pali ana, ndiyenera kukonza. Ndiwauze kuti kupepesa kuja abweze, akazi anga akadali wakuba, ndipo mawu okoma aja mumangowapeka mukumwa tiyi."

Anayamba kudina manambala imodziimodzi, mosafulumira. Aphunzitsi anadumphira patebulo, n'kugwira foniyo ndi manja awiri.

"Alamu, ikani pansi! Wofotokoza nkhani wake uti? Ndine! Diresi ndinawotcha ndine, chitseko ndi changa, mkazi ndi wanga, tsamba lomaliza ndi langa! Mulibe chopeka ngakhale chimodzi m'menemo!"

"Ngakhale chimodzi?"

"Ngakhale kadontho!"

Akalaliki anaika foni pansi. Anasolola envulopu ija m'khwapa mwa aphunzitsi, anaitsekera m'dirowa, n'kuvalanso magalasi.

"Ndiye kumpikisano sikupita, alamu. Malamulo awo ndawerenga. Akufuna nkhani zopeka zokhazokha."